Kadzidzi wa pa Mzere wa 88

Sitima ya mbandakucha yochokera ku Tartu
inanditula ku Tallinn chipale chikuwaza
ngati mchere wa wophika wopanda dzanja.
Holoyo kale inali fakitale.
Chumuni idakalipo, koma utsi wake lero ndi mawu.

Pakhomo anandikoleka baji m'khosi:
Ülo Rebane, pansi pake mpata wolembapo ntchito yanga.
Ndinafuna kulemba kuti "mlenje wa nsikidzi za m'kompyuta,"
koma kumbuyo kwanga mzere unayamba kutsokomola.

Anthu zikwi ziwiri, masoketi khumi ndi awiri.
Ndinaona bwana wa kampani atagwada pakona
ngati wolapa, tchaja m'manja,
akupempha mwana wa sukulu kuti asendeze phazi.

Woyamba kulankhula anavala nsapato zoyera mbee.
Anati posachedwa makina azidzilembera okha mapulogalamu,
ife tizingoitanitsa, miyendo ili pampando.
Tinaomba m'manja.
Kenako sikirini yake inangoti bii,
ndipo kwa mphindi zisanu ndi imodzi tsogolo lonse
linaima njii, kudikira mnyamata wa tisheti yakuda
kuti abwere ndi waya wina.

Masana: supu ya nsomba, buledi wakuda,
khofi wofunda ngati lonjezo la dzana.
Aliyense amayang'ana kaye pachifuwa pako
asanaone ngati nkhope yako ndi yoyenera moni.

Ndinathawira m'chipinda chapansi, chonunkha chinyontho.
Tinalimo khumi ndi anayi, wina akuwodzera.
Mayi wa imvi, ndodo atatsamiritsa patebulo,
sanalonjeze kanthu.
Anangotionetsa pamene iye analakwitsa:
usiku wina wa Okutobala, mawotchi atabwezedwa m'mbuyo,
ola limodzi linabwera kawiri,
ndipo pulogalamu yake ya m'nkhokwe ya chipatala
inawerenga mankhwala kawiri.
"Sikunafe munthu," anatero,
"koma chiyambire tsikulo sindikhulupirira wotchi,
ngakhale ya mayi anga."

Pansi pa sikirini panali kachithunzi ka kadzidzi.

Mtima unangoti phwii.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukangana ndi kadzidzi ameneyu
pakati pa usiku, mkazi wanga atatembenukira kukhoma.
Chilichonse ndingalembe, iye amachibweza
ndi mawu atatu kapena anayi, ouma gwa.
Ndinkamuona m'maganizo: kamnyamata kamatama,
ka ndevu zitatu, kosadziwa mtengo wa lendi.
Ndinkamusungira mawu
monga amasungira miyala woopa galu wa pa njira.

Maarika Põder anawerenga baji yanga,
nayang'ana nsapato zanga zonyowa.
"Ndiwe uja sutseka zitseko ukamalemba."
Miyala yanga yonse inasanduka thonje.

Tinakhala pamasitepe, pamwamba pathu nyimbo zikugunda.
Anatenga kapepala kopukutira pakamwa,
najambula mabokosi atatu ndi muvi wobwerera.
Vuto limene landidya tulo chiyambire Epulo
linagona pamenepo chagada,
pafupi ndi dontho la supu.
Sananene kuti ndinakuuza.
Anandifunsa ngati ku Tartu mtsinje wayamba kuuma ndi chisanu,
popeza mchemwali wake anaikidwa kutsidya kwake.

Zina zonse za tsikulo ndaiwala.
Ndikukumbuka kuti kunali mphoto, wina anapata ndege ya chidole.
M'chikwama ndapezamo masitika makumi awiri,
masokosi a kampani imene mwina chaka chamawa kudzakhala kulibe,
ndi kapepala kaja, nditakapinda kanayi.

Sitima yomaliza, mazenera akuda,
laputopu pamaondo, batire ikutsinzina.
Ndinalemba zimene muvi unanena, n'kutumiza.
Tisanafike ku Jõgeva foni inanjenjemera.

Kadzidzi:
"Mzere wa 88 walakwitsanso.
Uvule nsapatozo ukafika."