Maola Atatu pa Salima

Tinalowa m'tauni dzuwa lili paliwombo,
anthu khumi ndi anayi,
mtanda wansungwi uli paphewa la Gelevaziyo,
nyimbo itatiumira kukhosi chiwolokere Linthipe.
Masiku asanu ndi limodzi oyenda pansi,
kukwera phiri la mapemphero n'kutsikanso,
koma Salima sanatifunse kumene tachokera.
Wakabaza anangoliza belu:
"Mayi, msewu si tchalitchi!"

Minibasi ya ku Benga akuti inyamuka ikadzaza,
ndipo m'katimo munali tambala womangidwa miyendo
ndi munthu mmodzi wogona.
Tinabalalika ngati linthumbu lothiridwa phulusa:
Nachisale kukasaka mankhwala a matuza,
akatekisi kukafunsa mtengo wa malata,
atsikana akwaya kukasuzumira pakaunjika
ndi maso omwe aja ankalira dzana pathanthwe.

Ine ndinasiya foni pa kabenchi kotchajira.
Itangotsegula maso inayamba kulavula:
mbuzi yadya chinangwa cha eni,
a banki nkhonde akuti Lachisanu ndi Lachisanu basi,
Tiyanjane akutsokomolabe usiku.
Ameneyo ndiye ndinamuyendera mtunda wonsewu.
Ndinaizimitsanso.

Pakhonde la golosale yotseka
Che Bwanali amasoka nsapato.
Anatenga yanga, naitembenuza, naigogoda ndi chala.
"Iyi yaona dziko. Mukuthawa ndani?"
Ndinati sindikuthawa, ndinali ndi chowinda.
Anagwedeza mutu ulusi uli kukamwa,
nandikankhira ndi phazi beseni lonyikamo zikopa.
Mapazi anga analowamo opanda manyazi,
zidendene zong'aluka ngati dambo la mu Okutobala,
madzi n'kusanduka thope la maboma awiri.

Kenaka mzikiti unaitana.
Anabaya singano pachikopa, nasasa fumbi pamaondo.
"Mundionereko pano."
Anapita osacheuka, ngati tinakulira bwalo limodzi.

Ndiye ine, woyenda masiku onsewa kukapemphera,
ndinasanduka mlonda wa nsapato za anthu osawadziwa:
ya mwana wasukulu yoyasamula kutsogolo,
gogoda yothyoka msomali,
jombo imodzi yofedwa mnzake.
Fungo la guluu, makoko a mango, ntchentche.
Patsidya njanji ili phee, ikuwotha dzuwa yopanda sitima.
Kuphiri kuja ndinafuula mpaka mawu kusasa,
yondiyankha inali mphepo yokha
ndi mimba ya Nachisale.
Apa sindinanene kanthu.
Dzina la mwana wanga linangobwera
n'kukhala nane pabenchipo,
mwakachetechete,
ngati munthu amene akudikira nsapato yake.

Mnyamata wina anafunsa mtengo wopolisha.
Ndinati eni ake ali kwa Mulungu, abwera posachedwa.
Anandiyang'ana, nathawa.

Che Bwanali atabwera anamaliza msoko,
naluma ulusi,
nandilipiritsa osachotsako ngakhale tambala imodzi.
Koma m'thumba mwanga anaponyamo malambe awiri:
"A phala la wodwalayo. Ndipo kuchipatala mupite naye,
makhololo ake akawaunike."
Sindikumbuka kuti ndinamuuza nthawi yanji.

Kudepoti tinapeza mkangano utapsa.
Kondakitala akuti kwa Gelevaziyo,
"Mtanda ndi katundu, akulu, ulipiridwa."
Akatekisi anatsegula pakamwa kuti alalike,
koma dzuwa linali litapendeka
ndipo aliyense amafuna kwawo.
Tinasonkherana timakobidi tonunkha thukuta.
Anaulowetsa chopingasa pamwamba pa thumba la mpunga,
mutu wake utatulukira pawindo,
kansalu kofiirira kaja kakupepera anthu ogulitsa chimanga chootcha.

Injini inatsokomola kawiri, kachitatu inavomera.
Salima anatitulutsa monga anatilandirira,
maso ali kwina, akuwerenga chenji.
Nsapato yosokedwa ikundiluma pang'ono pachala chachikulu,
malambe akulira tseketseke pamiyendo,
mitengo ikuthamangira kumbuyo mwaliwiro losayenera,
ndipo pansi pa mpando
mapazi anga, osauzidwa kuti ulendo watha,
akuyendabe.