Kuwerenga Titsitsi

Mu labotale yathu ku Göttingen
magetsi a m'khonde amazima okha ikakwana naini.
Ine ndimatsala, diso pa maikulosikopu,
kuwerenga titsitsi ta m'khutu la mbewa.
Mzere umodzi mkati, itatu kunja,
tonse chilili ngati mano a chipeso.
Pamene panadutsa phokoso
chipesocho chagweluka.

Ndimalemba: makumi anayi ndi tiwiri.
Ndimasuntha kagalasi.
Ndimalemba: palibe.

M'mutu mwa munthu aliyense muli nkhono ziwiri
zosafika ndi pa nsawawa,
zodzipinda m'fupa, zodzaza madzi.
Mawu okwera amatsikira pakhomo penipeni,
a besi amalowa mpaka kuchipinda.
Ndipo pakhomo ndi pamene pamayamba kugumuka.
Izi ndinazipeza m'buku ndili ndi zaka makumi awiri,
koma ndinali nditazidziwa kale, patebulo la kwathu.

Bambo anga, a Hinrich Oltmanns,
anakhoma zitsulo za sitima pa doko la Emden
zaka makumi atatu kudza chimodzi.
Nyundo inkawalipira Lachisanu
n'kumawabera tsiku lililonse.
Zinayamba kusamuka ndi mbalame za m'mawa,
kenaka mluzu wa ketulo,
kenaka kamphepo ka pakati pa dzina la amayi:
ife tikati Gesa, iwo ankamva Ge-a.
Mapeto ake ankangogwedeza mutu pa chilichonse,
kuseka mochedwa, ena atapukuta kale misozi.
Pa maliro a amayi anayang'ana milomo ya abusa
ngati munthu woyang'ana nsomba m'madzi.

Nkhuku ikagontha, titsitsi take timaphukanso.
Ife ayi.
Zaka zisanu ndi ziwiri takhala tikufunsa nkhuku chinsinsi chake,
ine ndi mnzanga Ruxandra,
iyo ingotiyang'ana ndi diso limodzi.
Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika, amatero anthu,
koma bambo analibe zaka zina zodikira nkhuku.

Choncho madokotala anaboola kuseri kwa khutu,
nalowetsa kawaya m'nkhono muja, pang'onopang'ono,
ngati ulusi pa singano ya munthu wa manja onjenjemera.
Timadontho tachitsulo khumi ndi tiwiri
kugwira ntchito ya titsitsi zikwi.
Ine ndinkadziwa masamuwo. Sindinagone.
Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtsempha uja,
pambuyo pa zaka zonsezo za zii,
unali udakali pakhomo, kudikira wogogoda.

Tsiku loyatsa kunagwa chipale chofewa.
Mayi Tiedjen anadina pa kompyuta, nati, lankhulani.
Pakamwa panga panauma gwa.
Ndinangoti, Bambo.
Iwo anadzidzimuka, kuyang'ana kudenga, kuyang'ana pansi pa mpando,
kenaka ine.
Iwe Wiebke, ukulira ngati bakha wa m'chitini!
Ndinaseka mpaka mamina.

Sabata yomweyo anadandaula kwa aneba:
muli chinthu chikubuula m'nyumba mwanga usiku wonse.
Anafufuza m'chapansi, anagogoda mapaipi.
Inali filiji.
Anakhala nayo pafupi mpaka mbandakucha, akuti, kuimvetsera.

Usiku uno foni yalira pambali pa maikulosikopu.
Zaka khumi ndi zinayi nambala iyi sinandiimbirepo.
Ukutani kumeneko?
Ndikuwerenga, Bambo.
Werenga mokweza, akutero, ndikuphunzira manambala.
Ndiye ndabweza diso pa galasi:
kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi,
mpaka ndafika pa mpata uja
pamene sipadzameranso kanthu,
ndakhala chete.

Halo? Wiebke? Batire yatha kodi?

Ayi, Bambo, ndilipo.
Tisanu.