Wodyetsa Makina

Zaka khumi ndi zitatu mkono wangawu
unkaponyera ana mipira ya tenesi
pabwalo la dothi lofiira kuseri kwa Chichiri.
Tsiku lina anabwera nacho m'katoni,
chinthu cha miyendo itatu,
chopanda phewa loti n'kupweteka.
Anati, Lufeyo, uzichidyetsa.

Ndinachimasula madzulo, onse atapita,
ndione nkhope ya wondilanda ntchito.
M'mimba mwake munalibe matsenga:
mawilo awiri a labala, lina pamwamba, lina pansi,
ozungulira mosemphana
ngati apongozi opewana panjira,
pakati pawo kampata koti mpira sungadutse mwaulemu.
Kumutu kuli dengu la pulasitiki
ndi kambale kobowoka, koyenda mwaulesi,
kogwetsa mpira umodzi, umodzi basi,
monga kondakitala wa ku Ndirande
amabwezera chenje.

Mpira ukagwa mawilo amaufinya,
ubweya wake n'kukakamira labala kamphindi,
kenako phu!
uli kale kutsidya kwa ukonde.

Ndinaphunzira ukathyali wake.
Wilo lapamwamba likathamanga kuposa linzake
mpira umawerama m'malere, n'kukudumphira pachifuwa.
Lapansi likapambana
umayandama, ukatera n'kukana kudzuka.
Chiperoni akaphimba phiri la Soche
mipira imanyowa, labala amaterera,
chinthucho n'kumalavula paliponse
ngati khanda lokana phala.

Kutsidyako kumaima Ndaziona wa ku Chilomoni,
nsapato zake zobwereka, zofutsidwa nyuzipepala kuzala.
Chinthuchi sichidziwa kuti mwanayu wabwera wapansi
ndiponso kuti m'mimba muli tiyi yekha.
Masekondi anayi aliwonse, phu.
Ine ndinkati ndikaona bondo lake likunjenjemera
ndinkanamizira kumanga chingwe cha nsapato,
kapena kufunafuna mpira umene uli m'thumba mwanga.
Ichi sichiwerama, sichiyang'ana kumbali.
Ndipo ndinene, ngakhale zikundiwawa pakhosi:
mwanayu wayamba kubweza mipira
imene chaka chatha inkamudutsa ngati njinga zakabaza.
Kodi chifundo changa chinkamubera?

Lachinayi magetsi anathima.
Mawilo anazungulirabe mwachizolowezi,
kulira kwawo kukutsika, kukutsika,
mpira womaliza n'kugwera pamapazi panga
ngati bango la chembere... ayi,
ngati mango akupsa opanda wowathyola.

Ndaziona anapukuta thukuta ndi mkono.
Ankolo, ponyani inuyo,
koma musandimvere chisoni.

Ndinatola dengu lija, lofunda ndi dzuwa.
Phewa linalira ngati chitseko cha kusitolo yakale.
Mpira woyamba unakodwa mu ukonde,
iye sanaseke.
Wachiwiri unadutsa, unabwerera ukuliza mluzu pakhutu panga.
Ndinaona bondo lija likuyamba kugwedera,
maso anga anatsikira kuchingwe cha nsapato,
chinali chomasukadi ulendo uno.

Ndinachisiya.
Ndinawerenga chamumtima,
imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
n'kuponya.