Loti 47

Lamulo silichita chibwibwi:
katundu akagona miyezi itatu mwini wake osaoneka,
alembedwe m'kaundula, alengezedwe m'nyuzipepala,
kenako nyundo igwe.
Ine ntchito yanga ndi kumangirira manambala.
Chaka cha khumi ndi chinayi chino
ndikupuma fumbi la zinthu za eni
m'shedi ya khonsolo, kuseri kwa njanji.

Lowani muone chuma cha Harare:
njinga zopanda tcheni zatsamirana ngati zidakwa,
ngolo za tomato zimene apolisi analanda pa Mbare,
masikelo akuyezabe mphepo,
maambulera, ndodo ya wakhungu,
nsapato ya kumanzere yokhayokha.
Uko kukhoma kuli zotsala za khonsolo mwiniwake,
matebulo olumala, matayala adazi,
loboti ya maso atatu, onse anazima.
Pepala lake limati: zilibenso ntchito.

Sutukesi ija inabwera mu Epulo
kuchokera kokwerera mabasi,
yofiirira, yomanga ndi mphira ya chubu.
Lamulo limati potsegula pakhale mboni,
ndiye a Mudzingwa anaima pambali akusenda nthochi,
ine kutchula, iwo kulemba:
malaya awiri, sipanala imodzi,
chitenje chatsopano chosadula,
nsapato za mwana, zofiira, mtengo ukadali kuphazi.
Ndi kalata.

"Pepala silikhala ndi mtengo," anatero, "taya."
Koma diso linali litaponda kale mzere woyamba:
Bambo a Tiyese,
denga la khitchini linagwa ndi mvula ya Febuluwale.
Mwana wayamba kufunsa ngati Halale ndi munthu,
akuti bwanji sakukubwezani.

Chinenero cha bambo anga,
chimene ndimachisiya pageti m'mawa uliwonse
pamodzi ndi machesi.

Iwonso anatsika sitima muno ndi sutukesi yotereyi.
Anaphikira azungu ku Avondale mpaka maso anachita nkhungu,
akumati chaka chamawa, chaka chamawa ndithu,
malata ndagula kale mumtima.
Lero ali ku Mbudzi, pansi pa kachitsulo ka nambala.
Ku Ntcheu sikunachoke munthu kudzati ndi wathu.
Miyezi yawo itatu inatha kalekale,
koma palibe nyuzipepala inalengeza.

Lachisanu okushoni inayamba mochedwa.
Woitanira mitengo, pakamwa ngati chimanga chokazinga,
anagulitsa loboti ija kwa mnyamata wa zitsulo,
matebulo kwa mbusa wa mpingo watsopano.
Loti 47, sutukesi ndi zam'kati mwake,
aphatikizapo maambulera atatu kuti ikome.
Dola imodzi. Ziwiri.
Wantchito wa khonsolo saloledwa kukweza dzanja,
ndiye langa ndinalitsekera m'thumba la ovolosi,
likutuluka thukuta pa kalata ija.
Zinayi. Zinayi kamodzi, zinayi kawiri.
Gu!

Anatenga ndi mayi wa kaunjika ku Mupedzanhamo.
Sindikumuda, naye ali ndi pakamwa pomudikira.
Anatsegula pomwepo, natulutsa nsapato zofiira,
naziyeza ndi zala, chala chachikulu mpaka chamkombaphala,
nagwedeza mutu ngati akudziwa phazi lake.

Ndalama zinalowa m'buku, lisiti inadindidwa.
Zonse zinayenda mwa lamulo.

Kalata yokha ndiyo ndinaba,
ngati kuba kulipo pa chinthu chopanda mtengo.
Kumbuyo kwake kuli keyala:
Nanyoni, kudzera kwa aphunzitsi, Bembeke.
Ndagula envulopu, ndagula sitampa.
Sabata yachitatu ino ndalemba mzere umodzi:
Katundu anapezeka.
Wachiwiriwo ukukana kutuluka m'cholembera.

Usiku ku Mufakose magetsi akathima
ndimaiwerenga mokweza pa kandulo,
kuti lilime lisachite dzimbiri.
Mwana wanga amafunsa m'Chishona kuti ndikupemphera chiyani.

Mawa kukubwera lole ina ya njinga.
Ulusi ndili nawo.
Manambala sanayambe andithera.