Dziwe Lachitatu

Mzuzu akamadzuka, ife timamvera kumadzi.
Faifi koloko paipi imayamba kutsokomola,
ikamakwana sikisi yadzaza kukamwa,
ndipo zonse zimene mzinda sufuna kuziyang'ana kawiri
zimatsikira kuno, kumunsi kwa mapaini,
kumene nkhungu imachedwa kunyamuka.

Pa sefa yachitsulo timakokolola
majumbo, matewera, chingwe cha nsapato,
tsiku lina mano oikirira,
tsiku lina foni imene mwiniwake mwina akuyiimbirabe.
A Zgambo ankati, "Mwana wanga, kuno mzinda sunama.
Umanamira kumisonkhano."

Zaka makumi awiri ndi zitatu
anazungulira maiwe atatuwa
ndi magambutsi omata ndi chubu cha njinga.
Loyamba, lakuda lija, ankalidziwa ndi mphuno.
Lachiwiri ndi maso:
likabiriwira ngati msuzi wa chisoso ndiye kuti lili moyo,
likayamba kufiira ankavula chipewa n'kukanda m'mutu.
Lachitatu ankalimvera usiku.
Achule akangoti zii, penapake palakwika.

Kenaka kunabwera kalata ya chidindo.
Woyendetsa malo ano akhale ndi chiphaso,
alembe mayeso,
azisaina m'kaundula tsiku ndi tsiku.
Lamulolo sindilinyoza ayi.
Ndinaona mahema a kolera ndili sitandade folo,
ndipo kumunsi kwa mtsinjewu
amayi amathirira repu, ana amasamba osafunsa.
Wotsegulira madzi otere ayenera kudziwika dzina.

Tinakalemba limodzi m'holo yozizira ku Katoto,
ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji,
iwo ndi magalasi obwereka kwa mlamu wawo.
Funso lachisanu: madzi amakhala masiku angati m'dziwe?
Yankho ankalidziwa.
Anaponyapo chitsononkho n'kuchidikira kutsidya, masabata.
Koma pepala linkafuna Chingerezi
ndi nambala pamwamba pa nambala inzake.
Ndinawaona akufinya cholembera ngati mpini wa fosholo.

Dzina langa linatuluka.
Lili mufelemu pakhoma: Mbawemi Luhanga.
Iwo anawapatsa chikwakwa,
azitchetcha udzu m'mbali mwa maiwe awo omwe.
M'mawa amandipatsa moni kuti "bwana",
osaseka, ndipo n'chimene chimandiwawa.

Mvula ya mu Epulo inabwera usiku, yosapumira.
Madzi anakwera mpaka kunyambita mzere wofiira.
Ndinaima pa chitseko chotulutsira,
tochi kukamwa, buku la malamulo litanyowa m'khwapa,
dzanja langa lili kale pa chiwongolero.
Anatulukira mumdima atafunda pulasitiki,
wapansi kuchokera ku Zolozolo, popanda wowaitana.
"Usatsegule. Tamvera."
Achule anali pakalapakala kulira.
"Dziwe lipirira ili. Chatseka ndi sefa ya kutsidya."
Tinakokolola mpaka mbandakucha,
zala zitachita dzanzi m'magolovesi,
mpaka madzi anabwerera okha
ngati galu amene wazindikira mawu.

Kutacha ndinatunga m'botolo, n'kutumiza kulabu.
Manambala anabwera ali m'kati mwa malire.
M'kaundula mzere wosainapo ndi umodzi basi.
Ndinasaina.
Pansi pake, ndi pensulo, ndinawonjezera:
achule analira usiku wonse.

Woyendera atafika anaika chala pamenepo.
"Muyeso wanji uwu, mayi?"
Ndinati, "Wa amene akutchetcha panjapo."
Anasuzumira pazenera nthawi yaitali,
kenaka anatsegula tsamba lina.

Mayeso ena akuti aliko mu Novembala.
Tikaweruka timakhala pa chidebe chozondotsa,
ine kuwaphunzitsa kugawa manambala kuseri kwa katoni,
iwo kulakwitsa, kutukwana m'Chitumbuka, kufufuta ndi malovu.
Dzulo mphepo itatembenuka anaimitsa pensulo,
nakweza mphuno:
"Iwe wa chiphaso, fungo ili likuti chiyani?"
Ndinanunkhiza, ndinanunkhizanso.
Kwa ine linali fungo chabe.