Thabwa la Mayina

Chaka chilichonse, tirigu akangolowa m'nkhokwe zazitali za pa siteshoni,
a kalabu ya Nyali kuno ku Velmar, m'zidikha za Saskatchewan,
amanditumira mawu: bwera ndi kaburashi kako,
pali dzina lina loti likwere pathabwa.

Thabwalo ndi lalitali kuposa chitseko cha holo.
Pamwamba penipeni, 1951, Orest Hryniuk,
utoto wagolide unasuluka kale.
Ameneyo anamulemba ndi bambo anga,
ndipo anaphonya chilembo chimodzi
chimene mpaka lero palibe walimba mtima kuchikonza.
Orest ankagulitsa mapulawo.
Mwana wa mnansi wake atatsirizikira m'ngolo
chipale chitatseka msewu wa kuchipatala,
anaitana amuna khumi ndi awiri,
chipewa chake chinayenda dzanja ndi dzanja.
Patatha zaka zitatu anagula ambulansi yotha ntchito ya asilikali.
Inkatsokomola potuluka pageti, koma inkafika.

Munsi mwake muli Cornelius Dueck, kanayi kondondozana.
Woumira ameneyo! Ankawerenga misomali
asanatseke bokosi madzulo,
shuga wa tiyi wa pamsonkhano ankamuyeza ndi diso.
Koma dziwe losambiramo ana lija, lakuseri kwa sukulu,
linakumbidwa ndi makobidi amene iye anakana kuwononga.
Pamaliro ake anthu anaseka kwambiri kuposa kulira,
mkazi wake anati zili bwino choncho.

Pa 1974 palibe dzina.
Alendo amayesa kuti utoto unandithera.
Ayi, chaka chimenecho anakangana za ndalama za mpikisano wa matikiti,
mipando inagwa, mabuku anagona kupolisi,
abale awiri sanapatsanenso moni mpaka mmodzi analowa m'manda.
Anandipempha kuti ndifinye mayina, mpatawo usaoneke.
Ndinakana. Chipsera nachonso ndi khungu.

Marjorie Lavallee, 1989.
Zaka makumi atatu amayi ankaphika kukhitchini
n'kumamvera zokambirana kudzera pakazenera kopatsira mbale.
Tsiku lomwe anamusankha, amuna atatu anatuluka mokwiya,
awiri anabwerera sabata yotsatira ngati anangopita kokasuta.
Iye anayambitsa kadzutsa wa ana a sukulu,
phala la otsi ndi mkaka, chisanu chikamaluma makutu,
ndipo anatolera magalasi akale amaso odzaza migolo isanu.
Dzina lake ndinalilemba mokulirapo pang'ono.
Palibe anazindikira, kapena anangokhala chete.

Kenako sitima inaleka kuima pano.
Achinyamata anakwera mabasi a ku Saskatoon osabwerera.
Mamembala anatsala asanu ndi awiri,
udindo unkangozungulira ngati mbale ya mchere patebulo:
Pruden, Sawchuk, Pruden, Sawchuk.
Dzanja langa linkalemba lokha, ine ndikuganiza zina.

Lero ndagwada, mawondo akulira,
chifukwa malo otsala ndi a chikhatho chimodzi pafupi ndi pansi.
Rosalinda Macaraeg, namwino wa kunyumba ya okalamba,
anabwera kuchokera ku Batangas ndi jekete losadziwa chisanu chathu.
Waima kumbuyo kwanga, akunditchulira zilembo chimodzichimodzi.
Akufuna galimoto yotengera nkhalamba kukaonana ndi dokotala.
Nkhani yomwe ija ya Orest, yangosintha nsapato.

Wandifunsa: nanga thabwa likadzaza?
Ndati tidzalitembenuza.
Tinalitsitsa awiri kuti tione ngati kumbuyo kuli bwino,
fumbi n'kutilowa m'mphuno,
ndipo kumeneko, ndi pensulo, m'zilembo zopendama za bambo anga,
tinapeza mndandanda wina:
onse amene ambulansi ija inawanyamula, tsiku ndi mtunda wake.
Wachisanu ndi chinayi ndi mayi anga,
Febuluwale 1955, mamailosi makumi awiri ndi atatu,
ndipo pambali pake mawu awiri okha:
anabwerera awiri.

Burashi yaumira m'dzanja langa.
Rosalinda wapita kukateleka madzi a tiyi.