Tikabichi ta ku Namwera

Adokotala analemba ndi inki yofiira m'buku la bambo:
shuga wakwera, magazi akuthamanga.
Bambo anapinda bukulo ngati chigamba chotsala,
n'kulitsamiritsa mwendo wa makina osokera
kuti asamagwedere pakhonde la sitolo.

Ndiye lero Lachisanu ndabwera ine, Asiyatu,
wotsuka mbale ku loji ya ku Namiasi,
jumbo kumanja, fumbi la kabaza kumapazi.
Ndi masika. Maungu aunjikana mumsika wa pa boma
ngati ana ogona chipinda chimodzi,
ndipo mwera wayamba kuyesa mawu usiku.

Mphodza ndinaziviika dzulo.
Ndasankha timiyala pa lichero, khumi ndi kamodzi,
ndaziwiritsa ndikuziyang'anira
kuti zisafike pokhala chipere.
Ndikufuna kambewu kalikonse kaime pakokha
koma kagonje dzino likakafunsa.

M'jumbomo muli tikabichi tating'ono
tosaposa dzira la nkhanga.
Amalima Jafali kumtunda kozizira kwa Namwera,
timamera mondondozana pa phesi ngati mabatani a malaya.
Alendo a ku loji amatidya mosadabwa.
Iti tinatsala, ophika wamkulu anati tenga.
Ndatidula pakati,
ndatigoneka chafufumimba pa chiwaya
mpaka m'mphepete mwada ngati mpendero.
Fungo lake si laulemu, ndivomere.
Mphaka wa a neba wanunkhiza n'kubwerera.

Dzungu lootcha, timagawo timagawo.
Anyezi wofiira woonda ngati ulusi.
Mtedza wokazinga, wofikisa m'manja, wouzira mankhusu.
M'kapu ndasungunula ufa wa malambe ndi madzi a ndimu,
supuni imodzi ya mafuta a mpendadzuwa,
mchere wongokwana pa nsonga za zala ziwiri.
Dzanja langa lafuna kubwereza. Ndalikaniza.

Bambo abwera kuchokera ku mzikiti,
tepi yoyezera idakali m'thumba la mkanjo.
Asuzumira m'beseni nthawi yaitali.
Akuti, kabichi ameneyu mwam'thyola asanalowe ndagala,
makolo ake akudziwa?
Akuti, chakudya chozizira ngati moni wa wangongole.
Akuti, ndinabereka mwana kapena woweta mbuzi?

Sindikuyankha.
Tonse tikukumbukira Che Amidu, akulu awo,
amene analowa m'chipatala ndi kachilonda ka pachala
n'kutuluka ndi ndodo ziwiri.
Thalauza lawo anasoka ndi bambo omwewa,
anapinda mwendo wakumanzere pa bondo,
n'kuutseka ndi msoko wowongoka bwino,
ndipo tsiku limenelo sanalandire ndalama ya munthu.
Nkhaniyi sitiikamba.
Yangokhala nafe pa mkeka ngati mlendo wachitatu.

Bisimila.
Ayamba ndi mtedza, kutola umodziumodzi.
Kenaka dzungu, poti amalidziwa.
Mphodza zalowa mozemba pamodzi ndi anyezi.
Malambe awakwinyitsa kumaso
ngati mmene ankachitira ali mnyamata ku Mpondasi,
akuti ankagenda okha, mwala umodzi zipatso ziwiri.
Bodza limenelo ndalimva kambirimbiri,
lero ndalisiya lidutse.

Kakabichi koyamba akatembenuza ndi supuni
ngati akufuna pomwe telala mnzawo analakwitsa.
Atafuna. Ayang'ana kumsewu.
Atafunanso.

M'mbale mwatsala titatu, tokankhidwira pambali.
Sindiwerengera tomwe tatsala.

Asamba m'manja, abwerera pa mpando wawo,
yunifolomu ya mwana wa sukulu ikudikira kolala.
Ndikutsuka beseni kuseri
ndikumva makina ayamba kulira,
mapazi onse awiri pa chopondera,
onse awiri.
Ndipo pakati pa phokosolo, osatembenuka:
Iwe, Lachisanu likubwerali,
uzikumbukira kuti kunja kuno kuli kambuzi.
Zakudya za odwala zisamachite kukhala ngati maliro.